Kodi filimu ya zigawenga ingauonetse bwanji mzinda wa Blantyre?

Wa ku Chilomoni:
Abale anga, ambiri a ife tinaudziwa mzinda wa Hong Kong tisanaupondepo, kudzera m'mafilimu a nkhonya ndi mfuti amene tinkaonera m'nyumba za vidiyo za kumsika. Kodi filimu yotere itajambulidwa kuno ku Blantyre, ingakweze mbiri ya mzindawu kapena ingaipitse?

Mphunzitsi wa ku Zingwangwa:
Achimwene, phindu la mafilimu amenewa lili poti mbava ndi wapolisi amalowa paliponse, choncho woonera amauzungulira mzinda wonse, kuyambira kumipanda ya olemera mpaka kuzisakasa. Filimu ya Tsotsi, ya mu 2005, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2006, ndi chitsanzo chabwino. Mnyamata akuba galimoto kudera la anthu opeza bwino ku Johannesburg, kenako akupezamo khanda n'kupita nalo kwawo, ndipo paulendowo tikuona mmene tsankho linaugawira mzindawo. Kunonso zimenezi n'zotheka, pakuti Nyambadwe ndi Ndirande n'zoyandikana kwambiri, koma moyo wake ndi wosiyana kotheratu.

Mayi wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, mwatchula msanga Ndirande, ndipo nkhawa yanga ili pomwepo. Dera lathu lili kale ndi mbiri yoipa pakamwa pa anthu amene sanagonepo kuno, chonsecho m'mamawa uliwonse khamu la anthu limatsika wapansi kukagwira ntchito kumafakitale a ku Makata, pamene akalipentala ndi okhoma zidebe amatsegula mashedi awo kumsika. Filimu ya City of God ya mu 2002 inatchuka dziko lonse, komabe anthu ena okhala m'dera la Rio de Janeiro limene imakamba anadandaula kuti inawachititsa kuoneka ngati onse ndi achifwamba. Wojambula filimu ya ku Blantyre akatsatenso ndalama yobedwa mpaka kuofesi kumene imathera.

Wa ku Limbe:
Ndikugwirizana nanu, Amayi. Shemu Joyah anaonetsa kale mu The Road to Sunrise, ya mu 2017, kuti moyo wowawa wa m'makwalala a Blantyre ungajambulidwe popanda kunyoza anthu ake. Ndiponso tisamavutike kutengera kuthamangitsana pa magalimoto, kumene n'kodula kujambula. Wakuba wa kuno amathawa wapansi, kudutsa pakati pa mavenda a ku Limbe, oitanira minibasi akukuwa, kenako n'kukwera kabaza kulowera ku Bangwe, ndipo Chichewa cholankhulidwa panjirayo chikhale chenicheni cha pasiteji ya minibasi.