Tisamukire kuti pakati pa Moatize, Tete ndi Ulongué?

Mnyamata wa ku Domué:
Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili ndi zaka 23, kwathu ndi ku Domué m'boma la Angónia, ndipo ndinamaliza kalasi 12 zaka ziwiri zapitazo. Chaka chino nditagulitsa soya ndi kachewere wa m'munda mwanga ndasunga meticais 20,000. Ine ndi mnzanga amene amadziwako zowotcherera zitsulo tagwirizana zochoka kumudzi kukafuna ntchito, koma tikusiyana maganizo pa za kopita. Iye akuti tipite ku Moatize chifukwa kuli migodi ya malasha, ine mtima uli ku mzinda wa Tete, pamene amalume akuti tiyambe takhala pa Ulongué. Inu amene mukukhala m'malo amenewa, kodi ndi kuti kumene munthu wongoyamba angapeze nyumba yotsika mtengo ndi ntchito, ndalama zake zisanathe?

Mkulu wina wa ku Moatize:
Mphwanga, uuze mnzakoyo kuti Moatize amene ali m'mutu mwake ndi wakale. Pamene kampani ya Vale inkamanga mgodi wake, umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011, pankafunika manja ambiri, moti ngakhale munthu wopanda pepala ankapeza ganyu yonyamula simenti kapena kukumba ngalande. Ntchito yomanga itatha, anatsala ndi anthu oyendetsa makina, amakanika, amagetsi ndi alonda. Mgodiwo unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, mgodi wina wa ku Benga unachoka m'manja mwa kampani ya Rio Tinto kupita kwa kampani ya ICVL mu 2014, ndipo nthawi zonse mtengo wa malasha ukatsika kunja, oyamba kuchotsedwa amakhala antchito a makampani aang'ono ogwira ntchito m'migodimo pa kontrakiti.

Sindikunena kuti ntchito kulibe. Wowotcherera zitsulo amafunika ndithu, koma pageti sakafunsa kuti unawotchererapo mageti angati kumudzi, adzafuna satifiketi. Ngati mnzakoyo alibe, ayambe walowa maphunziro a miyezi yochepa ku IFPELAC, sukulu ya boma yophunzitsa ntchito zamanja, ndipo nonse awiri musanyamuke mulibe BI (chiphaso cha unzika) yosatha ntchito, NUIT (nambala ya msonkho) ndi kalata ya registo criminal (yosonyeza ngati munthu anapalamulapo mlandu). Chinanso, chenjerani ndi anthu olonjeza kulembetsa dzina lanu mukawapatsa kangachepe. Ine ndinaperekapo ndalama kwa munthu amene ankati ndi kapitawo pa kampani ina, ndipo tsiku lotsatira foni yake inali yozima mpaka lero. Za nyumba, chipinda chotchipa chimapezeka kutali ndi msewu waukulu, koma fumbi la malasha lidzakupezani komweko, pa zovala zoyanika ndi m'mbale momwe.

Mayi wa ku Matundo:
Achimwene anena zoona pa za mapepala, koma ine ndiima kumbali ya mzinda wa Tete. Kuno munthu sadalira bwana mmodzi. Magalimoto akuluakulu opita ku Malawi kudzera pa Zóbuè, ku Zambia kudzera pa Cassacatiza ndi ku Zimbabwe kudzera pa Cuchamano onse amadutsa chigawo chino, choncho magalaja, malo osungira katundu, malo ogona alendo ndi ophikira zakudya amasowa anthu kawirikawiri. Kulinso fakitale ya fodya ya Mozambique Leaf Tobacco, imene imalemba anthu a ntchito ya nyengo fodya akayamba kubwera kuchokera kwanuko ndi ku Macanga.

Mwana wanga, vuto la Tete ndi lakuti chilichonse chimene kwanu umatola m'munda, kuno umagula. Ufa, ndiwo zamasamba, makala ngakhale madzi akumwa, zonse ndi ndalama, kuwonjezerapo magetsi olipiriratu a Credelec ndi shapa (minibasi) tsiku ndi tsiku. Musakafune nyumba pakati pa mzinda. Yang'anani tsidya lino la Zambezi, ku Matundo kapena ku Chingodzi, mupeze chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya munthu, mugawane lendi awiri. Kukhala tsidya lino kulinso ndi ubwino woti Moatize ali pafupi, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kotero mnzakoyo angathe kukasiya mapepala ake kumigodi n'kubwerako tsiku lomwelo. Musanapereke ndalama, funsani ngati mita ya magetsi ndi yanuyanu kapena ya nyumba yonse, chifukwa mikangano yambiri ndi eni nyumba imayambira pamenepo. Ndipo inu ana a ku Angónia ozolowera chisanu, musabwere mu Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo chipinda cha malata chimakhala ngati ng'anjo. Chinyungwe mudzachimva msanga poti n'chapachibale ndi chathu, koma pofunsira ntchito ndi Chipwitikizi chokhachokha.

Wogulitsa mbewu pa Ulongué:
Ine ndikuona kuti amalume ako aganiza bwino, ngakhale achinyamata safuna kumva zimenezi. Ndalama wanenazo ku Tete zingathe m'miyezi iwiri kapena itatu ukungoyenda ndi envulopu, makamaka poti eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi ingapo pakamodzi. Pa Ulongué ndalama yomweyo ndi mpamba. Kachewere, nyemba ndi kabichi zimene anthu akudya ku Tete ndi ku Moatize zambiri zimachokera kuno ndi ku Tsangano, zimatsika pa msewu wa Mussacama, ndipo wopindula kwambiri ndi amene amagula kwa alimi n'kukweza pa galimoto. Iwe alimiwo ukuwadziwa ndi mayina, chimene wogula wochokera kumzinda alibe. Mnzakonso sangasowe chochita, chifukwa ngolo, makasu, mafelemu a mawindo ndi zigayo zimawonongeka tsiku lililonse. Lendi ndi yotsika, ndipo thumba la chimanga lingachokere kwanu pa njinga yamoto. Ntchito ya muofesi yokha ndiyo sindingakulonjeze.

Mnyamata wa ku Domué:
Zikomo kwambiri nonse. Mnzanga satifiketi alibedi, ndipo NUIT tonse tilibe. Kodi mayi, nditayamba kubweretsa kachewere kuchokera kwathu, ndingapeze pogulitsira ku Tete ndisanakhale ndi benchi pamsika?

Mayi wa ku Matundo:
Ungapeze, mwana wanga, koma usayambe ndi matumba ambiri chifukwa kachewere sachedwa kuwola ndi kutentha kwa kuno. Bwera ndi matumba atatu kapena anayi, ufike m'mamawa, ugulitse kwa amayi a mabenchi ndi kwa okazinga tchipisi m'mbali mwa msewu, ndipo ndalama azikupatsa pamanja kapena pa M-Pesa katundu asanachoke. Ngongole usapereke ulendo woyamba. Ukabwera maulendo angapo udzakhala utadziwa mitengo ya zipinda ndi maso ako, ndipo mapepala ofunsira ntchito ungamasiye pa ulendo womwewo.