Madzi a pampopi akutuluka ofiira, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni mutu sukugwira. Nyumba yomwe tikuchita lendi madzi ayamba kutuluka ofiira ngati tiyi makamaka m'mawa, fungo lake la chitsulo, mayunifomu a ana onse athimbirira. Alandilodi ndawauza akungoti ndibwera ndibwera chonsecho lendi anakweza, geti linathyoka kalekale sakonza, ndiye apongozi anabwera kudzakhala nafe akuti ndine wauve sinditsuka ndowa. Ndili ndi khanda la miyezi 7. Madziwa tingamwe? Mapaipi ndi omwe aja sitinasinthe kanthu.

Nachisale: Apongoziwo abwerere kaye kumudzi, za madzi tikambirana pambuyo 😂

Aphiri Pulambala: MAPAIPI A GALVANIZED AMENEWO, achitsulo okutidwa ndi zinki aja. Ndakhala ndikunena pagulu pano anthu simumva. Paipi yakale mkati mwake mumakhala chikhungwa cha dzimbiri chomwe chinakhazikika, madzi akangosintha, kaya asintha kotunga kaya mankhwala, chikhungwa chija chimayamba kusweka. Ku Flint ku America mu 2014 anasiya madzi ochokera ku Detroit nkuyamba kutunga mumtsinje wa Flint osathiramo mankhwala a orthophosphate oteteza mapaipi. Mapaipi anali omwewo koma mtovu unalowa m'madzi, ana nkumamwa. Ngakhale fakitale ya General Motors inasiya madziwo chifukwa amadya zitsulo za injini!

Mayi a mapasa: Ife kwathu zinali chonchi, ndinataya madiresi atatu oyera a kumvano, mpaka lero mtima umandiwawa. Tinangosamuka.

Nangozo: Wiritsani mayi musavutike

Aphiri Pulambala: AYI. Kuwiritsa kumapha majeremusi basi, dzimbiri ndi mtovu sizichoka, madzi akamaphwa ndiye zimachulukirako.

Mjomba wa ku Joni: Aphiri inu nkhani iliyonse mumathamangira ku America, mukuopseza mayi wakhanda. Kuno mapaipi a mtovu munawaona kuti?

Aphiri Pulambala: Mjomba mumagwira ntchito yanji inu? Galvanized wakale zinki wake amatha kukhala ndi mtovu, mipopi ina ya brass chimodzimodzi. Ikani mapaipi a pulasitiki a PPR nyumba yonse nkhani ithe.

Mjomba wa ku Joni: Nyumba ya lendi aike PPR ndi ndalama za ndani?

Nambewe: Chemwali funsani aneba kaye ngati nawonso akuona zomwezo. M'mawa tsegulani mpopi kwa mphindi zingapo, akayera ndiye vuto lili m'mapaipi a m'nyumbamo. Akatuluka oyera nkufiira atakhalitsa mundowa, chitsulocho chikubwera ndi madzi omwe, za pamjigo zimatero. Pakadali pano mwana mumtungire kwina. Koma madzi anuwo ndi a bili kapena a pachitsime? Simunanene.

Gogo Nyoni: Dzinja lino madzi amabwera amatope, kosefera amaonjezera alum, mankhwala odikhitsa matope, ndipo alum amatsitsa pH, kutanthauza kuti asidi amachuluka m'madzi, akapanda kubwezera laimu wokwanira madzi amadya zitsulo. Musathamangire kutukwana alandilodi ana inu, ulemu unapita kuti.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Apongozi sangapite a Nachisale, akudikira kupimitsa mwendo kuchipatala. A Nambewe aneba sitiyankhulana chiyambire nkhani ya nkhuku, komanso iwo ali pa bili, ife alandilodi anatilumikiza ku thanki yawo ya pachitsime mwezi watha, mnyamata wawo amathiramo klorini wa HTH ndi kapu.

Aphiri Pulambala: NDI KAPU?? Mayi inu mwati simunasinthe kanthu!