Thandizeni: mapu a pa foni akundilowetsa m'minda ya anthu

Membala wosadziwika: Anzanga pagulu pano, musandiseke chonde. Loweruka ndinanyamuka pa Kasungu boma kupita ku chinkhoswe cha mphwanga ku Mchinji. Galimoto ndi ya alamu anga, anandibwereka monyinyirika, mafuta ndithire ndekha, chonsecho ndalama ya feteleza imene ndinawakongoza chaka chatha mpaka lero zii. Ndiye foni inandichotsa pa tala n'kundilowetsa kanjira ka ngolo, mpaka tinakatitimira padambo. Tinafika anthu atadya kale, madamu sakundiyankhula. Kodi foniyi ndingaiuze bwanji kuti izindipatsa msewu umene ndikufuna ineyo? Sabata ya mawa ndibwereranso.

Mkulu wa Matola: Safunsa anadya phula! Ine msewu wa M18, wa Kasungu-Mchinjiwu, ndayenda mpaka imvi, foni sindinaifunsepo. Mukanaima pa Santhe n'kufunsa wakabaza, basi.

Mayi wa ku Mtunthama: Achimwene, pa fonipo mukugwiritsa chiyani, Google Maps? Nanga mudziwo uli mbali iti, ku Mkanda kapena cha ku boma?

Wokonza mafoni: Ngati ndi Google Maps, ilibe pouzira kuti ipewe msewu wa dothi. Imangopewa ma toll, ma highway ndi ma ferry. Dinani Add stop, muike Chinkhoma, Kapiri, kenako Kamwendo, itsata tala ifune isafune. Ma app ena a mapu, Waze ndi OsmAnd, ndi amene ali ndi popewera msewu wa fumbi.

Mnyamata wa pa Chatoloma: Mwina foniyo imathawa toll ya pa Chingeni kkkkk

Mkulu wa Matola: Mwaona? Ukaiuze wekha njira, kenako iyo ikuuzenso iwe! Nzeru zake zili pati? Bandulo yangopita.

Wokonza mafoni: Akulu, bandulo sivuta. Mapu amatheka kuwasunga pa foni, amagwira ngakhale netiweki itathawa.

Mkulu wa Matola: Iwe mwana, foni yako ikudziwa kuti mtsinje wa Rusa wadzaza?

Mlimi wa soya: Ine inandiuza kuti ndafika ndili pamanda. Mpaka amfumu anandiitanitsa. Zinthuzi ayi.

Mayi wa ku Mtunthama: Taonaninso pamwamba, mwina munadina kachithunzi ka munthu woyenda pansi m'malo mwa ka galimoto. Mwana wanga zinamuchitikira. Koma mudzi uja simunatchulebe.

Agogo a Mvano: Nkhani za m'banja pa Facebook? Galimoto akubwerekani, muwanyozenso pagulu? Kapepeseni kwa akazi anu kaye.

Mkulu wa Matola: Agogo mwalasa. Ndipo sabata ya mawayo mungokwera yanga, ndimanyamuka m'mamawa.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Koma agogo, alamuwo simukuwadziwa. Anafika pondiwerengera matope a kumatayala, ati ndikatsukitse ndi ndalama yanga. Ya feteleza ija osaitchula n'komwe.

Mayi wa ku Mtunthama: Mudzi uti, achimwene??