Tochi ya pamphumi yokwerera Mulanje: ndigule ya Petzl kapena ya pamsika ikwana?

Wa ku Area 25: Abale, mu July tikukwera Mulanje, cholinga nkukafika pa Sapitwa. Msuweni wanga wa ku Johannesburg akuti andigulire Petzl Actik Core ya ma lumen 600 (muyeso wa kuwala), ndalama ndidzamubwezera. Koma mtengo wake ukundiwawa. Pamsika ndaona ina yotchipa kwambiri, pabokosi alembapo ma lumen 5000. Ndipange bwanji?

Mayi wa ku Chilomoni: Achimwene, nambala ya pabokosiyo isakunamizeni. Ine ndinagulapo yotero. Tinanyamuka pa nyumba yogonamo ya Chisepo kusanache, kukuzizira koopsa, ndipo tisanayende ola limodzi inali itayamba kufiira ngati khala. Kenako chiperoni chinabwera, madzi analowa mogona batire, basi inazima. Ndinayenda ndikugwira chikwama cha wotiperekeza, ndikupapasa miyala ndi dzanja linalo. Ku Sapitwa pali malo amene umakwawa pansi pa matanthwe, manja onse awiri amafunika.

Makanika wa ku Mchesi: Ine ndikutsutsako pang'ono. Yanga ndi ya pamsika, ndimalowa nayo pansi pa galimoto tsiku lililonse, chaka chachiwiri chino. Vuto nthawi zambiri ndi batire. Mabatire otchaja a mtundu wa 18650 olembedwa kuti mphamvu yake ndi 9900 mAh ndi abodza, enieni amathera cha m'ma 3500. Mukaikamo lenileni, tochi yotchipa imasintha.

Mayi wa ku Chilomoni: Zoona bambo, koma yanuyo ikazima mumangotuluka nkukatchaja. Pa mamita 3,002 mukatchaja kuti? M'nyumba zogonamo kuphiri kuja mulibe magetsi.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Petzl mukunenayo ine ndili nayo. Ma 600 aja sindiwagwiritsa ntchito kawirikawiri, amatha batire m'maola 2. Ndimayenda pa 100, pamenepo imakankha maola ngati 7, ndipo njira imaoneka bwinobwino. Chomwe ndinaikondera nchakuti batire lake lotchaja likatha, umalichotsa nkuikamo mabatire ang'onoang'ono a AAA atatu ogula pa golosale. Ilinso ndi kuwala kofiira, ukadzuka usiku kufuna nsapato sudzutsa anzako. Koma dziwani kuti pa muyeso wopirira madzi ndi IPX4: mvula imapirira, kugwera mumtsinje ayi. Ndipo nkhungu ikakhuthala, ngakhale yodula imakuthobwa m'maso chifukwa kuwala kumabwerera. Ine ndimaivula nkuigwira m'manja cha m'chiuno.

Makanika wa ku Mchesi: Komabe ndalama zonsezo chifukwa cha ulendo umodzi? Bwanji osabwereka?

Wa ku Area 25: Si ulendo umodzi bambo, mu September tilinso ndi wa ku Zomba. Ndiponso magetsi akazima kunyumba, mayi a ana amaphika atakanira foni pakati pa phewa ndi tsaya. Ndamuuza msuweni agule. Aphunzitsi, ma AAA apadera ndinyamule angati?

Mphunzitsi wa ku Zomba: Asanu ndi limodzi, a alkaline. Muwasunge m'thumba la mkati mwa jekete, kuzizira kumawafooketsa.