Chifukwa chiyani zithunzi zanga za Lagoon Nebula zikutuluka zotuwa mu Okutobala?

Wofunsa wa ku Zomba:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mu Julaye ndinajambula Lagoon Nebula, mtambo wowala wa mpweya ndi fumbi womwe uli kutali pakati pa nyenyezi ndipo umatchedwanso M8, ndili pabwalo la nyumba yanga, ndipo kufiira kwake kunaoneka bwino. Sabata ino ndabwereza ndi kamera yomweyo, kumwamba kulibe mtambo ngakhale umodzi, koma chithunzi chatuluka chotuwa ndipo nyenyezi zing'onozing'ono zasowa. Kodi ndalakwitsa pati?

Woyankha wa ku Dedza:
Bambo, kamera yanu ilibe mlandu. Miyezi ino anthu akutentha tchire ndi kusosa m'minda, choncho utsi ndi fumbi zimakhala zili lende mumlengalenga ngakhale maso asazione usiku, ndipo zimamwaza kuwala kwa magetsi a m'tauni n'kuphimba chilichonse chowala mofooka. Kumbukiraninso kuti mu Julaye M8 imadutsa pafupifupi pamutu penipeni, pamene mu Okutobala imakhala itapendekera kumadzulo, kumene kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kwambiri. Ine ndikadakhala inu ndikadaisiya mpaka chaka chamawa, n'kutembenukira kumwera kukajambula gulu lothithikana la nyenyezi lotchedwa 47 Tucanae, lomwe limakwera bwino nyengo ino.

Woyankha wa ku Mzuzu:
Ndikugwirizana nawo. Dikirani mvula yoyamba igwe, chifukwa usiku umene mitambo yachoka mpweya umakhala wotsukika. Sankhaninso masiku amene mwezi uli mumdima, jambulani zithunzi zambiri zazifupi n'kuziphatikiza ndi pulogalamu ya Siril, ndipo muziyang'ana galasi la kamera pafupipafupi, popeza mame akagwerapo amabweretsa kutuwa kofanana ndi komweko.