Kodi ntchito yomanga nyumba za boma singaphunzitse ana athu umisiri?

Kholo la ku Zolozolo:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa bwino za ntchito yomanga. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wothandizira maphunzirowa. Mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Komabe achinyamata ambiri ophunzira kumanga ndi ukalipentala, kuphatikizapo mwana wa mlongo wanga, amazunzika kupeza malo ogwirapo ntchito yeniyeni ikafika nthawi yoti achoke m'kalasi. Popeza boma linakhazikitsa mu 2020 ntchito yomanga nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena ogwira ntchito zachitetezo, kodi sizingatheke kuti kontilakita aliyense wolandira ntchito yotereyi azikakamizidwa kutenga ophunzira angapo?

Folomani wa ku Luwinga:

Bambo, maganizo anuwa ndi abwino, koma kulemba chiwerengero cha ophunzira papepala sikokwanira. Ndaonapo anyamata ndi atsikana akubwera ndi makalata ochokera kukoleji, n'kuthera miyezi yonse akukankha wilibala ndi kusakaniza simenti ndi mchenga, osakhudzako chingwe kapena levulo ngakhale tsiku limodzi. Wophunzira amasanduka mmisiri akaimitsidwa pakona ya nyumba, n'kuuzidwa kuti aimange yekha, ndipo ikapendekeka aigumule n'kuyambiranso. Zimenezi zimadya simenti ndi nthawi, ndipo kontilakita amene ndalama zake zikuchedwa kutuluka sangalole, chifukwa ntchito ikaima oyamba kuuzidwa kuti akhale kunyumba ndi ophunzirawo. Choncho mgwirizano uyenera kunena ntchito zimene wophunzira adzagwire ndi manja ake, kuyambira pamaziko mpaka padenga, mmisiri amene adzamuyang'anire, komanso kandalama kake ka chakudya ndi mayendedwe.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa. Mu 2018 panakhazikitsidwa malamulo a NCIC, bungwe lomwe linkayang'anira ntchito zomanga m'dziko muno, oletsa njerwa zootcha pa ntchito za boma ndi nyumba zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Mabuloko a simenti ndi olemera, amafuna kathiridwe kena ka matope komanso kuthiriridwa madzi mokwanira akangoumbidwa, koma amisiri ambiri a m'makwalala mwathu anaphunzira pa njerwa zootcha zokha. Malo omanga nyumba za boma ndiwo angakhale sukulu yabwino ya luso limeneli.

Mayi wa ku Katoto:

Ndikugwirizana ndi a Folomani, koma ndikufuna tiganizire kumene wophunzira angapite akaphwanyiridwa mgwirizanowo, kapena kumene kontilakita wamng'ono angadandaule ngati sanalipidwe. Mapeto ake ndi kukhoti, ndipo n'chifukwa chake kasankhidwe ka majaji si nkhani ya maloya okha. Gawo 111 la malamulo oyendetsera dziko lino limati Jaji Wamkulu amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, n'kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo akuponya voti, pamene majaji ena onse amasankhidwa ndi mtsogoleriyo potsatira mayina ochokera ku Judicial Service Commission, bungwe loona za ntchito za majaji. Tonse tikukumbuka kuti mu June 2020 boma linayesa kutumiza a Andrew Nyirenda, amene anali Jaji Wamkulu, kutchuthi chodikirira kupuma pantchito, patangopita miyezi yochepa khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, ndipo bwalo lalikulu la milandu linaletsa zimenezo. Jaji amene angaweruze mosaopa pa nkhani yaikulu ngati imeneyo ndi yemweyo angalamule unduna kuti ulipire kontilakita wa kuno ku Mzuzu. Ine ndimafuna kuti mayina a ofuna ujaji azilengezedwa poyera asanasankhidwe, komanso kuti bwalo la kuno, lomwe limamva milandu ya chigawo chonse cha kumpoto, likhale ndi majaji okwanira.

Kholo la ku Zolozolo:

Zikomo kwambiri Mayi, komanso inu a Folomani. Mfundo yolemba ntchito zimene wophunzira adzagwire yandigwira mtima, makamaka ya maziko. Mzinda uno wa Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri akumanga m'malo otsetsereka ngati ku Masasa, kumene mvula ya mwezi wa April imagwetsa makoma chaka ndi chaka. Ndikufunsanso a Folomani ngati wophunzira wa chaka chachiwiri angathe kupatsidwa khoma lotchinjiriza dothi, kapena ntchito imeneyo imafuna mmisiri wokhwima.