Zilembo za pa Lee-Enfield yanga zandibalalitsa

Msungazakale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndagula mfuti yakale ya asilikali a Britain, Lee-Enfield ya .303, kwa mnzanga. Pa chitsulo chomwe chagwira thako la mfuti, mbali ya kumanja, pali chisoti chachifumu, pansi pake G.R., kenako BSA Co., 1917, ShtLE, ndi III wokhala ndi kanyenyezi. Kwina kuli FTR, timivi tiwiri togundana nsonga, ndipo pa mpope adadinda BNP ndi 18.5 TONS. Nambala ya pa bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope nkutseka kumbuyo) ikusiyana ndi ya pa mfuti. Mnzangayo akuti idachoka kunkhondo ili chonchi. Zoona?

MkuluWaDzimbiri:
Mnzanuyo wawonjezera ndiwo zamasamba. Zilembozi sadazidinde tsiku limodzi. G.R. ndi Mfumu George V, BSA ndi kampani ya ku Birmingham yomwe idaipanga mu 1917. Kanyenyeziko kakusonyeza mtundu womwe adauchotsera zina, monga chitsulo chotsekera magazini, kuti azipanga mwachangu nkhondo yoyamba ya padziko lonse itavuta. Mpaka apa zili bwino.

Zinazo nzapambuyo. FTR ndiye kuti idabwereranso kufakitale, adaiphwasula yonse nkusintha zotha. Muvi umodzi ndi chizindikiro cha katundu wa boma la Britain, koma ikakhala iwiri yogundana nsonga, asilikali adaigulitsa. BNP adadinda ndi oyesa mfuti a ku Birmingham isanagulitsidwe kwa anthu wamba, ndipo kadindidwe kameneko ka matani (osonyeza mphamvu ya kuphulika yomwe mpope ungapirire) nka m'ma 1950 kapena mtsogolo mwake.

Chete303:
Ine nkhawa yanga ili pa bolt. Pa FTR ankafananitsa manambala, ndiye yanuyo mwina adaisintha munthu wina pambuyo pake. Musayerekeze kuwombera katswiri wa mfuti asanayeze headspace, kampata ka pakati pa bolt ndi pokhala chipolopolo. Fufuzaninso paliponse, pamtengo ndi pachitsulo pomwe, ngati pali DP. Mfuti zodindidwa DP zinali zophunzitsira perete basi, zipolopolo ayi. Ndidaonapo ina yomwe wogulitsa adapala DP yake ndi tupa, koma polowa pake pankaonekabe ukaunika ndi tochi chammbali.

MkuluWaDzimbiri:
Nzoona. Mtengo wake wogulira umatsikanso bolt ikasiyana, ngakhale ine FTR yokha sindidandaula nayo. Zambiri zokonzedwazo mpope wake umakhala wabwino kuposa zomwe sizidakhudzidwe.

Msungazakale:
Zikomo nonse. DP palibe, ndaunika mpaka pansi pa mtengo. Nambala ya pa mpope ndi ya chitsulo cha kutsogolo zikugwirizana ndi ya mfuti, yosiyana ndi bolt yokha. Ndipita nayo kwa katswiri, ndipo mnzangayo tikambirananso za mtengo wogulira.